Funsani Malume: Laisensi ya mfuti inatha, ndiikwirire kapena ndikaipereke?

Malume,

Ndine mphwanu wa ku Ntcheu, koma ndakhala ku Joni zaka 19. Mapepala anga ndi okhazikika ndipo ndili ndi kashopu m'lokeshoni ina ku East Rand. Achifwamba anandithyolera kawiri. Kachiwiriko anamuloza mkazi wanga mfuti pamphumi, mwana ali kumbuyo. Zitatero ndinatsata njira yonse, maphunziro, zidindo za zala, kugula sefu, mpaka ndinapeza laisensi ya pistol. Mwezi watha ndikusakasaka khadi la kuchipatala m'chikwama ndinangoona kuti laisensiyo inatha miyezi 7 yapitayo. Sindinadziwe n'komwe.

Msuweni wanga, amene amagonera mavidiyo a ku America pa YouTube, akuti ndisayerekeze kuponda kupolisi. Akuti ndinalakwa kale tsiku limene ndinalembetsa, chifukwa kaundula wa mfuti ndi msampha: lero alemba dzina lako, mawa abwera kudzalanda, mkuja mfuti yomweyo uipeza m'manja mwa tsotsi. Akuti ndiikwirire kuseri kwa nyumba, ndikanene kuti inabedwa. Tulo ndilibe. Galimoto ikangoima pageti mtima umachita ngati utuluka. Ndichite chiyani?

Wosowa tulo, East Rand

Mphwanga,

Khasu ulibwezere pomwe unalitenga. Lero uli ndi vuto limodzi, lalikulu ndithu, koma la mapepala. Ukakwirira chitsulocho n'kukalumbira kuti chinabedwa, wawonjezapo bodza lolumbirira, ndipo wadziitanira wekha wapolisi kuti adzaone sefu yako. Adzafunsa kuti akubawo anaitsegula bwanji osasiya ngakhale kachipsera, adzafunsanso ngati unanena pasanathe maola 24 monga lamulo limafunira mfuti ikasowa. Tsiku limenelo msuweni wakoyo adzakhala ali pa YouTube. M'kachipinda ka mafunso udzakhalamo wekha.

Za kaundula wa mfuti ine sindinazimvere pa foni. Ndinagwira zaka 14 m'chipinda chosungira mfuti pa kampani ina ya alonda mu Johannesburg. Ikamati 5 koloko m'mawa, mu Julayi chisanu chikuluma zala, alonda ankafola pa kawindo kachitsulo. Ine mkati ndinkatulutsa pistol, kutchula nambala yake mokweza, kuwerenga zipolopolo chimodzichimodzi pa thireyi, mlonda n'kusayina m'buku ndi bolopeni yomangirira pa chingwe, chifukwa mabolopeni ankayenda kuposa mfuti. Madzulo chimodzimodzi, chobwerera. Chipolopolo chimodzi chikasowa palibe ankapita kwawo. Mpaka lero ndikamva fungo la oyilo wopukutira mfuti maso amathamangira pa wotchi. Buku lolembamo mfuti ndimalidziwa kukoma kwake ndi kununkha kwake komwe.

Lamulo limene lakugwira ndi Firearms Control Act ya 2000, imene inayamba kugwira ntchito yonse pa 1 Julayi 2004. Lisanabwere, pansi pa lamulo lakale la 1969, munthu ankalandira laisensi yobiriwira ya moyo wonse n'kuiwalako. Latsopanoli linabwera ndi khadi loyera lokhala ndi tsiku lofera. Laisensi ya kudziteteza ngati yakoyo, ya ndime 13, imakhala zaka 5. Ya alenje ndi amasewera owombera imakhala zaka 10. Ndime 24 imati ukapemphe kuiwonjezera kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe. Mbuna yake ndi imeneyo, ndipo munagwa anthu ambiri, osati matchona okha. Munagwa mabunu a m'mafamu, madokotala, ngakhale makampani okhala ndi maloya awoawo.

Kwa zaka zingapo masiteshoni ambiri ankalandirabe mafomu ochedwa. Mu Febuluwale 2016 mkulu wa polisi wogwirizira, Khomotso Phahlane, analamula kuti zimenezo zithe: laisensi ikatha, mwini wake apereke mfuti. Bungwe la alenje la SA Hunters linathamangira kukhoti, ndipo mu 2017 khoti lalikulu ku Pretoria linagwirizana nalo. Chimwemwe sichinakhalitse. Pa 7 Juni 2018 khoti la malamulo oyendetsera dziko ku Braamfontein linagubuduza chigamulocho. Jaji Johan Froneman analemba kuti ku South Africa kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, ndi mwayi umene lamulo limapereka n'kuuikira malire. Dzina limenelo ulisunge, ndilitchulanso pa nkhani ya msuweni wako. Patapita milungu ingapo bungwe lina, Gun Owners South Africa, linapeza chiletso choimitsa apolisi kutenga mfuti za malaisensi otha, ndipo chinakhala zaka 2 mpaka khoti la apilo ku Bloemfontein linachichotsa mu Julayi 2020. Nthawi imeneyo malaisensi otha anali ataposa 400,000, ndiye usadzione ngati chitsiru chili chokha m'dziko. Boma linatsegulanso nyengo ziwiri za chikhululukiro, Disembala 2019 mpaka Meyi 2020, kenako Ogasiti 2020 mpaka Januwale 2021. Zitseko zimenezo zinatsekedwa, usaziwerengere.

Chimene chikukugwira dzanja lero ndi chigamulo cha pa 27 Meyi 2022. Kampani ya alonda ya Fidelity, si kumene ndinkagwira ine, inali ndi mfuti pafupifupi 700 zimene malaisensi ake anatha. Apolisi ankati basi, zimenezo sizingalembetsedwenso. Khoti lomwe lija la ku Braamfontein linakana. Linati laisensi ikatha, chimene chatha ndi chilolezo chosunga mfuti, umwini sunathe, ndipo mwini wake angathe kupempha laisensi yatsopano pa mfuti yomweyo, apolisi n'kulandira fomu yake. Kuwonjezera yakale ija sikutheka, madzi amenewo anatayika. Kupempha yatsopano n'kotheka.

Ndiye kuyambira usiku uno pistol ija igone mu sefu. Usaivale m'chiuno, usaiike pansi pa kauntala ya shopu. Kuyenda nayo lero ndi kudzipereka m'manja mwa woweruza amene lamulo likumulola kukupatsa zaka mpaka 15, ndipo mlandu wotere kwa ife obwera umagwedeza ndi mapepala okhalira omwe. Ndikudziwa kuti zikuwawa, poti shopu ndi yomwe ija, achifwamba ndi omwe aja. Pirira. Sabata ino peza loya wodziwa za mfuti, osati aliyense wovala tayi. A m'mashopu ogulitsa mfuti ndi a mabungwe a eni mfuti amadziwa amene amachita ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku. Ukatero upite kwa wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya dera lako, uja aliyense amangomutchula kuti DFO. Upite chimanjamanja, mfuti itatsala kunyumba. Fomu yako tsopano ndi SAPS 271, ya laisensi yatsopano, osati 518(a) ya kuwonjezera. Uonenso satifiketi yako ya competency, ija yotsimikiza kuti ndiwe woyenera kusunga mfuti, chifukwa kawirikawiri imafera limodzi ndi laisensi.

Za kumene mfutiyo ikhale poyembekezera yankho, mugwirizane ndi loya musanalowe mu ofesi. Akati iperekedwe kuti isungidwe, uwerenge pepala lililonse usanasayine. Kupereka mfuti kuti ikusungidwire ndi kwina, kuvomera kuti ikaphwanyidwe ndi kwina, koma zonse zimachitikira pa tebulo limodzi, ndipo munthu wamantha amene akungofuna kutuluka msanga amasayina pomwe chala cha wapolisi chaloza.

Ndipo usatuluke m'menemo wopanda lisiti. Chaka china ndinapititsa mafomu owonjezera malaisensi a mfuti 12 za kampani ku siteshoni ina imene sinditchula. Ndinapititsa nthawi yake, masiku 90 aja asanakwane. Miyezi 9 inadutsa kuli zii. Nditapita kukafunsa ndinapeza sajeni watsopano. Anagogoda pa kompyuta, anapukusa mutu, n'kundiuza kuti palibe chimene tinabweretsa. Tanthauzo lake linali loti mfuti 12 zikutuluka tsiku lililonse pa kawindo kanga zopanda malaisensi, ndipo wosayina m'buku ndine. Unali mwezi wa Juni koma malaya ananyowa. Lamulo limati ukapempha nthawi yake, laisensi yakale imagwirabe ntchito mpaka yankho litatuluka. Koma umboni woti unapempha uli kuti? Ndinapisa m'thumba la mkati la jekete n'kutulutsa envulopu ya khaki yothetheka m'makona. Munali malisiti 12, lililonse ndi chidindo cha siteshoni yomweyo, tsiku likuoneka bwinobwino, dzina ndi nambala ya wapolisi amene analandira. Sajeni uja sanalankhule. Anatuluka, n'kubwera patapita theka la ola atanyamula mafayilo athu, lapamwamba lili ndi mkombero wa kapu ya tiyi pachikuto. Anali pansi pa mulu m'kabati, palibe anawalowetsa mu kompyuta. Pepani sindinamumve, koma ndinagona kwathu.

Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti akhale ndi kaundula wakewake. Pepala lililonse ulijambule pa foni, ulitumize pa WhatsApp ya mkazi wako, fotokope ina ikhale kwa munthu wina kunja kwa nyumba. Laisensi yatsopano ikadzatuluka, tsiku lake lofera ulichotsere miyezi 4 n'kulilemba mkati mwa chitseko cha sefu ndi choko.

Tsopano za msuweni wakoyo. Malangizo ake ndi oipa, koma mantha ake sanawatole m'mwamba.

Zoti mfuti yoperekedwa kupolisi ingatulukire m'manja mwa tsotsi zinachitikadi, ndipo si pang'ono. Colonel Christiaan Prinsloo anali wapolisi wamkulu woona za mfuti ku Vereeniging, munthu wodutsa m'manja mwake mfuti zoyenera kukaphwanyidwa. Iye ankazipatutsa n'kumazigulitsa, pafupifupi 2,400, zambiri n'kukathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats, malokeshoni a ku Cape Town. Apolisi ofufuza ku Cape Town, motsogozedwa ndi Jeremy Vearey ndi Peter Jacobs, anayamba kununkhiza ataona kuti mfuti zambiri zogwidwa kumeneko zinafufutidwa manambala mwanjira imodzimodzi, ngati ndi dzanja limodzi. Pofika 2016 mfuti zimenezo zinali zitalumikizidwa ndi imfa za anthu oposa 1,000, ana ali momwemo. Prinsloo anavomera mlandu, anapatsidwa zaka 18 mu Juni 2016, koma 2020 isanathe anali atatuluka pa parole, kumasulidwa zaka zake zisanathe. Chaka chomwecho cha 2020, pa 18 Seputembala, wapolisi wofufuza Charl Kinnear anawomberedwa ali m'galimoto pakhomo pake ku Bishop Lavis. Mwa zimene ankafufuza munali malaisensi a mfuti otuluka mwachinyengo mothandizidwa ndi apolisi anzake. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu amene anakapereka mfuti mokhulupirika poganiza kuti ikasungunulidwa, n'kudzamva kuti mwina ndi yomwe inapha mwana wa sukulu ku Manenberg ku Cape Flats komweko, ali ndi chifukwa chonse cholavulira pansi akamva mawu oti kaundula. Ine chimene ndimaonapo n'choti mlandu wa Prinsloo unaima chilili chifukwa panali mabuku oonetsa kuti mfuti zopezeka mumsewu zinayenera kukhala zitaphwanyidwa kale. Popanda buku, bwenzi zili mfuti chabe zopanda kwawo.

Zoti mndandanda wa eni mfuti ungagwere m'manja olakwika n'zoonanso. Mu Julayi 2021 akuba a pa intaneti anatulutsa mayina ndi maadiresi a anthu pafupifupi 111,000 a pa Guntrader, msika wa mfuti wa ku Britain, ndipo pambuyo pake wina anazisanja mwakuti munthu n'kuziika pa mapu, nyumba ndi nyumba. Ku California mu Juni 2022 sanachite kubedwa n'komwe: ofesi ya boma yoona za chilungamo inaika yokha poyera, mwangozi, mayina ndi maadiresi a anthu pafupifupi 192,000 amene anapempha chilolezo choyenda ndi mfuti. Koma iwe wa shopu m'lokeshoni, mndandanda umene ungakuphetse suli ku Central Firearms Registry ku Pretoria. Uli m'kamwa mwa anthu amene unawaonetsa pistol ija pa kanyenya mutamwa ziwiri zitatu. Tsotsi safuna kompyuta ya boma, amafuna mnyamata wogulitsa airtime amene anamva. Ndipo pa mndandanda umenewo msuweni wako ali pamwamba, tsopano akudziwanso kuti laisensi inatha.

Nanga zoti lero alemba mawa alanda? Pali malo amene msuweni wako angaloze chala. Ku Dunblane ku Scotland, mu Malichi 1996, munthu wokhala ndi malaisensi ake onse anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya Britain inaletsa pistol pafupifupi zonse, ndipo apolisi ankadziwa khomo lililonse chifukwa pistol iliyonse inali pa satifiketi. Zoposa 160,000 zinaperekedwa, eni ake n'kulipidwa. Ku Australia chaka chomwecho cha 1996, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur, boma la John Howard linaletsa mitundu ina ya mfuti n'kugula pafupifupi 650,000 kwa eni ake. Amene ankazikonda mfuti zawo sanaone ngati malonda, anaona ngati kulandidwa, ndipo sindingawatsutse pa mmene anamvera.

Koma taona kumene apolisi analowadi nyumba ndi nyumba n'kunyamula mfuti popanda pepala la khoti. Ku New Orleans ku America mu Seputembala 2005, namondwe wa Katrina atamiza mzinda, mkulu wa polisi Eddie Compass analengeza kuti ololedwa kukhala ndi zida ndi achitetezo okha, ndipo anthu wamba analandidwa mfuti m'nyumba zawo ndi m'maboti. Chigawo cha Louisiana, kumene kuli mzindawo, chilibe kaundula wa mfuti. Ku High River ku Canada mu Juni 2013, madzi osefukira atathamangitsa anthu m'tauni, apolisi a RCMP analowa m'nyumba zosiyidwa n'kutengamo mfuti 609 m'nyumba 105. Apo n'kuti kaundula wa mfuti zazitali wa dzikolo atathetsedwa chaka chapitacho, mu 2012, zolembedwa zake n'kufufutidwa. Kaundula ameneyo, ndingodutsapo, anayamba ndi lamulo la 1995 ndi lonjezo loti adzadyera okhoma msonkho madola 2 miliyoni okha. Mu 2002 wowerengera chuma cha boma Sheila Fraser anapeza kuti akulowera ku 1 biliyoni. Anaphedwa ndi mtengo wake ndi mkwiyo wa alimi ndi alenje.

Ndiye kwa ine nkhani ili apa: boma likatsimikiza kulanda limalanda, buku lilipo kapena palibe. Chimene chimalibweza ndi makhoti, nyumba ya malamulo, ndi anthu olongolola poyera. Za ku New Orleans zinathera kukhoti, ndipo mu 2006 Congress, nyumba ya malamulo ya America, inakhazikitsa lamulo loletsa kulanda mfuti zovomerezeka pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Za ku High River zinafufuzidwa, lipoti la 2015 n'kunena kuti apolisi anapyola malire m'nyumba zina. Kuno ku Joni mu Meyi 2021 boma linatulutsa bilu yofuna kuchotseratu kudziteteza ngati chifukwa chopezera laisensi. Anthu analemba madandaulo ochuluka zedi, ndipo pamene ndikulemba pano ndime 13 ikadalipo. Onse amene anapambana m'nkhondo zimenezi anali anthu otha kuima pamaso pa jaji n'kunena kuti mfuti ndi yanga, pepala ndi ili. Wokwirira kuseri kwa nyumba alibe pakamwa potero.

Usaiwalenso kuti a pa YouTube aja akulankhula ali pansi pa denga lina. Malamulo oyendetsera dziko la America ali ndi ndime yoteteza kukhala ndi zida kuchokera mu 1791, ndipo khoti lawo lalikulu mu 2008 linati ndi ufulu wa munthu payekha. Lamulo lawo la 1986 limaletsa boma lalikulu kukhala ndi kaundula wa eni mfuti, mwakuti ku Martinsburg ku West Virginia, kumene amalondola mfuti zogwidwa pa milandu, antchito amafufuza m'makatoni a mapepala ndi pa zithunzi za mapepala, chifukwa saloledwa kukhala ndi kompyuta yoti ungolembamo dzina la munthu. Wa ku Texas akamati sadzalembetsa, lamulo la kwawo likumuimira kumbuyo. Iwe uli pansi pa denga la Froneman, komanso ndiwe mlendo.

Chomaliza, ndipo ichi anthu sakonda kuchimva. Pa zaka 14 zija, amene ndinawaona akulandidwadi mfuti zawozawo sanagwidwe ndi mndandanda wa ku Pretoria. Anagwidwa ndi ndime 102, imene imalola apolisi kumuitanitsa munthu, kumva mbali yake, n'kumugamula kuti sayenera kusunga mfuti. Wina anaopseza mkazi wake, mkaziyo n'kukatenga chiletso kukhoti pansi pa lamulo la nkhanza za m'banja la 1998. Wina anaisiya m'galimoto pa shabini. Wina ankagona nayo pansi pa pilo m'nyumba ya ana 4, sefu ili mbuu ndi fumbi. Anzanga ankati akuponderezedwa. Ine pa anthu amenewo ndinali mbali ya apolisi, ndipo ndikadali komweko.

M'kalata yako watchula msuweni kangapo, koma mayi a kunyumba wawatchula kamodzi, pa tsiku la achifwamba. Iwo ndi amene akudziwa kuzizira kwa mpope wa mfuti pamphumi. Wawauza kuti laisensi inatha? Uwauze usiku uno, uwafunsenso ngati akuifunabe m'nyumbamo, usanalipire loya.

Malume

*

Malume,

Bambo anga anatisiya chaka chatha kumudzi kwathu ku Mchinji. Pokonza m'nyumba tapeza mfuti ya chifefe itakulungidwa m'chiguduli kudenga, pamodzi ndi kabuku ka laisensi kodindidwa komaliza mu 1998. Achimwene anga akuti ndi chuma chamasiye, ikhale yawo azithamangitsira anyani kumunda. Mayi akuti tisauze munthu, tikanena apolisi atimanga tonse. Ine ndine mphunzitsi, sindifuna dzina langa limveke m'nkhani zotere. Tithandizeni.

Mwana wanu, Mchinji

Amayi aphunzitsi,

Pepani ndi zovutazo. Mfuti ikhoza kukhala chuma chamasiye, koma laisensi si munda woti ana n'kugawana. Pansi pa Firearms Act ya 1967 chilolezo ndi cha munthu amene dzina lake lili m'kabukuko, ndipo chinapita ndi bambo. Achimwene anu akaifunadi, akapemphe chilolezo m'dzina lawo kudzera kupolisi, ayankhe okha mafunso a kumeneko. Kuitsitsa kudenga n'kupita nayo kumunda lero ndi kusunga mfuti popanda chilolezo, ndipo anyani sadzabwera kukhoti kudzawachitira umboni.

Mantha a mayi ndikuwamvetsa. Anthu a msinkhu wawo, ndi wanga womwe, tinakula nthawi imene wovala yunifomu akafika pakhomo sunkafunsa chifukwa. Mu Disembala 1993 ndinali ku Lilongwe pamene asilikali anayamba Operation Bwezani, kulanda zida za apayoniya, asilikali anzawo ataphedwa ku Mzuzu. Tinagona pansi m'nyumba ya lendi, wailesi ili pansipansi, kunja kukungomveka kuphulika, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Kwanu kumalire kumeneko nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasiyanso ma AK-47 oyendayenda, n'chifukwa chake apolisi a m'maboma a m'malire sachita nthabwala akamva za mfuti yobisidwa. Koma banja lobwera lokha kudzanena kuti tapeza ichi m'nyumba ya malemu, kabuku kali m'manja, likuyambira pena; banja limene aneba alineneza, apolisi n'kuchita kukwera okha kudenga, likuyambira penanso. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo pamudzi chinsinsi chodziwa anthu atatu, mmodzi wa iwo akufuna kuthamangitsira anyani, sichifika nthawi yokolola.

Chitani chonchi. Auzeni amfumu, akupatseni kalata kapena nduna yoti ikuperekezeni. Mutenge kabukuko ndi pepala lotsimikiza imfa ya bambo, mupite kupolisi inu ndi achimwene anu, mukafunse woona za mfuti. Mfutiyo itsale. Musaikweze pa kabaza kapena mu minibasi, pa rodibuloko palibe adzakhale ndi nthawi yomva mbiri ya banja lanu. Aloleni apolisi anene okha mmene ifikire kwa iwo. Pakadali pano pasapezeke woiyesa ngati ikulirabe, kapena wosuzumira mumpope. Chifefe chokhala kudenga zaka zoposa 20 chikhoza kukhala ndi chipolopolo m'mimba, ndipo dzimbiri silichenjeza. Ana asakwere kumeneko.

Ku Mozambique, kuyambira mu 1995, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ankasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Kuno njinga musayembekezere. Chimene mutulukemo nacho ndi pepala losayinidwa ndi kudindidwa, lolembapo mtundu wa mfuti, nambala yake, tsiku, ndi dzina la wapolisi wolandira. Nambalayo ili pa chitsulo pafupi ndi pomwe mfuti imathyokera. Ionetsetseni pamaso pa wapolisiyo kuti ikufanana ndi ya pa pepala. Kabuku ka 1998 kaja mukajambule pa foni musanakapereke, tsamba lililonse, ngakhale lopanda kanthu.

Malume